Malata a Che Bonomali

Pakhonde la Amwalimu Jafali tsiku limenelo, swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, panali anthu atatu. Panali eni khonde, atakhala pachikopa chawo cha mbuzi, akusoka chisoti ndi ulusi wofiira. Panali Che Silaji, mmisiri wa matabwa, amene ankakonda kutsalira pamenepo akachoka kumzikiti, chifukwa kwawo kunali akazi awiri ndipo mtendere ankaupeza pano pokha. Panalinso Sakina Abiti Kaisi, amene anabwera kudzabweza lichero la akazi a Amwalimu. Atalibweza sanafulumire kunyamuka, poti anali ataona kale jekete la mlamu wake, Che Bonomali, likutsika njira ya kuchigayo, chikhalirecho mwezi unali usanathe. Jekete limenelo linkatuluka m'sutikesi pakutha pa mwezi pokha.

Amene kunalibe nawonso tiwatchule, chifukwa nkhani yosatchula osowa imakhala yokondera. Kunalibe Che Matola, mlongo wake wa Sakina, mwini mbumba, amene matenda a pakhomo amayenera kuyamba kugogoda kwa iwo. Anali ku Liwonde kukatsatira ndalama ya thonje, ulendo umene unkawagwera nthawi iliyonse pakhomo pakaoneka vuto. Kunalibe Idirisa, mwana yekhayo wa Che Bonomali, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito. Ndipo kunalibe mwini nkhani weniweni, Asiyatu, mkulu wake wa Sakina, akazi awo a Che Bonomali. Iwowo anali gone pamphasa mwezi wachiwiri, chotupa chili m'mimba, akumwa phala lamadzimadzi ndi sipuni.

Kuti mulimvetse jeketelo muyambe mwadziwa za malata. Che Bonomali anali mkamwini m'mudzimo. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, kumene kunangotsala manda ndi mphwawo mmodzi wosayankhulana naye. Anakumba pansi ku Joni zaka khumi ndi ziwiri, nthawi ya Wenela, nabwerako ndi njinga, wailesi yovala chikopa, jekete lamizeremizere, chifuwa chosamva mankhwala, ndi malata makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Anali malata oyamba m'dera lonselo, kupatula a pasitolo ya mmwenye. Tsiku limene ngolo inawatula, anthu anasiya makasu m'munda. Mvula yoyamba itagwa ana anadzaza khonde kudzamva kulira kwake, akuluakulu akunamizira kudzapala moto. Asiyatu ankatchera madzi a padenga m'ndowa n'kumagawira anzawo ngati akugawa tiyi. Masiku amenewo wolondolera mlendo ankangoti, "Mukafika pamalata mukhotere kumanja," ndipo palibe ankasochera.

Tsono mkamwini aliyense amadziwa chinthu chimodzi chimene sachinena pakamwa. Mkazi akatsogola, maliro akatha, achibale amamusudzula, mwaulemu ndithu, iye n'kunyamula bulangete, khasu ndi nkhwangwa, ulendo wa kwawo. Munda umatsala. Mango amene anabzala amatsala. Zipupa zimatsala. Koma malata amazuka. Kwa Che Bonomali malata aja anali ulemu wa lero komanso pogona pa mawa, ndipo mawu akuti kuwagulitsa sankafuna n'komwe kuti adutse pakhomo pawo.

Chipatala cha boma chinali chaulere, inde, koma chinali kutali mabasi awiri, ndipo odikira mpeni wa dokotala kumeneko ankawerenga miyezi. Cha asisitere chinali pafupi, mtunda woti ukanyamuka m'mamawa umafika dzuwa lili paliwombo, koma chinali cholipira. Adokotala akumeneko atawagwira Asiyatu pamimba anati chotupacho chichotsedwe sabata ziwiri zisanathe, ndipo mtengo wake unali wa mbuzi zisanu ndi ziwiri. Pakhomopo panalibe ngakhale chingwe cha mbuzi.

Chaka chomwecho, chotsatana ndi chilala chija tinadya chimanga chachikasu, asisitere anali atayambitsa khadi lobiriwira la osauka. Wokhala nalo ankathandizidwa osalipira kanthu. Mayina ankalemba ndi atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, ndipo kope la mbali yathu linali m'manja mwa Amwalimu Jafali. Lamulo lake linali lalifupi: mwini ng'ombe kapena njinga ayi, wokhala ndi mwana pantchito ayi, wogona m'nyumba ya malata ayi. Lachinayi lililonse kalaliki wa kuchipatalako ankazungulira panjinga yamoto kudzaona ngati olembedwawo analidi otero. Tsiku limene tikunenali linali Lolemba.

"Asalamu alaikumu, Amwalimu."

"Wa alaikumu salamu, Che Bonomali. Fikani. Sakina mwanangu, tulutsira alamu ako mpando."

Panyumba ya Amwalimu panali mpando umodzi wokha, wa ndalema, ndipo eni ake sankaukhalira. Che Bonomali anaupukuta ndi mpango, nakwezako buluku pamaondo monga amachitira a ku Joni, nakhala. Ena onse anali pansi. Anafunsana za odwala, za kutentha, za mitambo imene inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse osagwetsa kanthu. Che Bonomali anamuyang'ana Sakina ndi diso lomuuza kuti azipita. Sakina anayamba kuthyola kamtengo kotokosera m'mano.

"Sindinabwere kudzapempha, Amwalimu," anatero Che Bonomali. "Ndabwera ndi funso la chipembedzo."

"Funsani. Chimene ndikudziwa ndinena, chimene sindikudziwa ndinenanso kuti sindikudziwa."

"Munthu akatsitsa malata panyumba yake, akeake, amene sanabe, n'kufolera udzu, walakwira ndani?"

"Palibe. Denga ndi lake."

"Nanga kalaliki akadutsa Lachinayi n'kuona udzu, wanamizidwa?"

"Waona udzu."

"Ehee. Ndiye inu mutenga kope lanulo, mulemba kuti nyumba ya Bonomali ndi ya udzu. Mukhala mutalemba chimene chilipo."

Amwalimu anadula ulusi ndi mano. "Nanga malatawo akhala ali kuti?"

"M'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, mmene mumasungira jeneza lonyamulira maliro. Kalaliki wa asisitere sangalowemo. Mayi akachira, Che Silaji awabwezera pamwamba. Masiku atatu ntchito yatha."

Ananena izi akumwetulira, chala chikugogoda pabondo, ngati munthu amene wapeza njira yachidule imene anthu osayenda sangaiganize. Usiku wathawo anali ataganiza kale mmene nkhaniyi idzamvekere pabwalo la bawo: kuti Bonomali, mwana wa ku Joni, anawazembera a njinga yamoto masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu adzaseka, ndipo kusekako kudzakhala komutama.

Che Silaji anakanda ndevu. "Achimwene, malata amenewo ndinakhoma ndine, ndili ndi tsitsi lakuda. Dzimbiri linadya kale mozungulira misomali. Mukawazula ang'ambika ngati chitenje chakale. Obwerera pamwamba sakwana theka."

"Inu mungozula bwino."

"Nanga udzu muutenga kuti mwezi uno? Tchire lonse anatentha osaka mbewa. Komanso udzu pamwamba pa matabwa opala, kalalikiyo ndi wakhungu?"

"Alamu," anatero Sakina, "mvula ikagwa Lachitatu, achemwali anga tiwafunditse jekete?"

"Iwe, pano pakuyankhula amuna."

"Ndamva. N'chifukwa chake denga likutsika."

Amwalimu anakweza dzanja pang'ono, onse nakhala chete. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kope lokutidwa m'nsalu yoyera, lomwe ankalisunga pashelefu yomweyo ya mabuku a chipembedzo, koma pansi pake. Analitsegula pamaondo.

"Muno muli mayina khumi ndi limodzi, Che Bonomali. Muli Abiti Mlenga wakhungu uja. Muli ana amasiye atatu a kutsidya. Muli Che Ndembo amene mwendo wawo ukuwola. Asisitere aja si a chipembedzo chathu. Anandipatsa kopeli chifukwa wina anawauza kuti Jafali salemba chimene sanaone. Dzanja langa likalemba udzu pamene mtima ukudziwa malata, tsiku lodzamveka, ndipo m'mudzi zimamveka, mayina onsewa adzasanduka okayikitsa. Bodza langa adzalipira ndi mwendo wa Che Ndembo. Pepani, udzu sindilemba."

Kumwetulira kuja kunachoka. Che Bonomali anatsokomola chifuwa chawo cha kumigodi, chija chotenga nthawi, ndipo chitatha mawu anatuluka okwera.

"Ndiye mkazi wanga afe kuti dzanja lanu likhale loyera? Ndiyankheni ichi, Amwalimu, inu ophunzira. Tinapita ku Joni anthu asanu ndi mmodzi a mbali ino. Anzanga ndalama zawo anamwera, ena anathera akazi a m'makomboni, anabwera ndi chipewa chokha. Lero amenewo akugona muudzu, ndiye oyenera khadi. Ine ndinadya nyemba zaka khumi ndi ziwiri, ndinkasoka ndekha masokosi, kuti mkazi wanga asamadonthedwe. Lero ndine wolakwa? Lamulo limeneli likulanga wosunga n'kudalitsa womwaza. Chilungamo chake chili pati?"

Sakina anayembekeza kuti Amwalimu atsegula buku. Sanatsegule.

"Pamenepo mwanena zoona," anatero. "Ndilibe chokutsutsani. Lamulo ili ndi la munthu wa panjinga yamoto. Amaona zooneka ali pamsewu. Sindikumunyoza, midzi ndi yambiri ndipo iye ndi mmodzi, ndiye anamupatsa chizindikiro choti azionera patali. Koma denga limanena za chaka chimene linakhomedwa, silinena za chaka chino."

"Ndiye bwanji mukukana?"

"Sindinati sindikulembani. Ndati sindilemba udzu." Amwalimu ananyowetsa nsonga ya pensulo palilime. "Ndikufunseni mafunso a m'kopemu, monga ndimafunsira aliyense. Mboni ziwiri zimene lamulo limafuna zilipo kale. Ng'ombe muli nazo?"

"Ndilibe. Aliyense akudziwa."

"Njinga?"

"Ili kwa okonza ku Balaka."

"Inapita liti?"

Che Bonomali anayang'ana kumtengo wa bwemba. "Zipangizo zake n'zosowa. Si njinga wamba ija."

"Chino ndi chaka chachitatu," anatero Che Silaji motsitsa, ngati akuyankhula ndi mapazi awo. "Ndinaiona ku Ulongwe itanyamula matumba a makala. Ndinaizindikira ndi belu."

Amwalimu sanalembe kanthu. Kenaka anafunsa ndi mawu ofewa kuposa poyamba.

"Mwana pantchito?"

"Idirisa ali ku Joni. Mudzi wonse umandiona ndikupita kupositi mwezi ndi mwezi."

Zinali zoona. Pakutha pa mwezi uliwonse jekete linkatuluka, nsapato zinkapakidwa mafuta, Che Bonomali n'kuyenda wapansi mpaka kupositi. Pobwera ankadzera pakati pa mudzi, osati njira yakuseri, paketi ya shuga ili m'manja poonekera. Akakumana ndi munthu ankati, "Mnyamata uja sakuiwala."

"Ndimakuonani," anatero Amwalimu. "Koma m'mudzi muno makalata onse amawerengedwa pakhonde lino. A Idirisa munkabwera nawo kuno, mukukumbuka? Munkakhala pampando womwewo, ine ndikuwerenga, inu n'kumati ndibwereze pamene wapereka moni kwa mayi ake. Yomaliza inali ija ankanena kuti wachoka kumgodi, akupita kukayesa mwayi kumzinda wa Thekwini. Mango aja a kuseri kwa madarasa, kumene ndimaphunzitsira ana, anali asanayambe kubereka. Chaka chino abereka kachisanu."

Nkhuku inadutsa pakhonde, nijompha ulusi wofiira, niusiya.

Che Bonomali anakumbukira wailesi, imene anthu ankadziwa kuti ikudikira mabatire, chikhalirecho inasanduka shuga wa miyezi inayi. Anakumbukira wotchi, nyali ya galasi, mabulangete awiri a ku Joni, sutikesi yaing'ono. Chilichonse chinkatuluka m'nyumba m'mamawa chitakulungidwa m'thumba, n'kubwera madzulo chili paketi ya shuga. Anakumbukiranso bambo wa papositi uja, amene anasiya kalekale kuyang'ana m'bokosi, amangopukusa mutu akawaona pakhomo.

"Pakhomo panga sipanagonepo njala," anatero. Mawu anali atachepa. "Funsani aliyense. Ngakhale chaka cha chilala utsi unkatuluka."

Apa Sakina analephera kudzigwira.

"Utsi unkatuluka! Alamu, ufa umene mwakhala mukudya kuyambira mwezi wa Ramazani mumati ukuchokera ku Thekwini? Umadzera kuseri kwa bafa, m'lichero, inu mukapita kubawo. Lichero lake ndi lomwe ndabwezali, langa linathyoka ndi ntchito yomweyo. Achemwali anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ankati, 'Alamu ako akadziwa asiya kudya.' Munthu akubuula ndi chotupa koma akusamala nkhope yanu! Nkhokwe yanu ija mukuimata chaka ndi chaka muli mbewa zokha, nazonso zikusamuka."

"Sakina," anatero Amwalimu.

"Ndikunama?"

"Sukunama. Koma choonadi ndi mankhwala, sapatsa munthu botolo lonse kamodzi. Ufa unapereka mobisa, unachita bwino. Usauwononge ndi pakamwa."

Sakina anatseka pakamwa, koma maso sanatsitse.

Che Bonomali anaimirira. Anagwira mzati wa khonde ngati akufuna kuona ngati uli wolimba. Chimene chinawapweteka si mawu a mlamu wawo. Chinali kuona nkhope ya Che Silaji, imene sinadabwe ngakhale pang'ono. Ndiye kuti belu lija analizindikira kalekale, n'kumangowapatsabe moni wa ulemu. Ndiye kuti a pabawo aja, pamene ankati, "Bwana, tigawireniko shuga wa ku Joni," ankadziwa. Mudzi wonse unali ukuwathandiza kunyamula bodza lawo, monga anthu amathandizira nkhalamba kusenza mtolo osaiuza kuti walemera.

"Ndapita," anatero. "Ndikaona pochita."

"Mukachita chiyani?" anafunsa Amwalimu.

"Ndikagulitsa malata. Onse. Ndisalembedwe m'buku limodzi ndi Abiti Mlenga wopemphetsa pamsika."

"Achimwene," anatero Che Silaji, "ndanena kale. Ozuka bwino sakwana theka, ndipo a dzimbiri sagula ndi mbuzi zitatu zomwe. Mutsala opanda denga, opanda khadi."

Che Bonomali anaima pamasitepe a khonde, nsana uli kwa anthu. Patapita nthawi anatembenuka. Nkhope inali ya munthu wina, wokalamba kuposa amene anabwera.

"Amwalimu, inu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira. M'mudzi muno ndilibe munda, ndilibe manda, ndilibe mbumba. Chimene ndili nacho n'chakuti ndikamadutsa anthu amati, 'Awo ndi a pamalata.' Kuzula denga ndikanapirira, chifukwa aliyense akanadziwa kuti ndi nzeru chabe, kuti Bonomali akusewera ndi kalaliki. Koma ichi mukundifunsachi, ndinene ndi pakamwa panga kuti mwana wanga ananditaya, kuti ndimadya ufa wa mlamu wanga, chilembedwe, chikawerengedwe ndi anthu achilendo. Ndikatero nditsala ndani?"

Amwalimu anatseka kope, naika pensulo pakati. Anayankhula mosakweza mawu, monga ankachitira pophunzitsa ana zilembo zoyamba, alifu ndi bee.

"Che Bonomali, mwadziyankha nokha. Mwabwera kudzabwereka umphawi wabodza kuti muuvale masiku atatu, pamene wanuwanu, woona, mwaupinda pansi pa sutikesi. Wabodzawo mukuukonda chifukwa umavulika. Koma taonani mtengo wake. Ukufuna makwerero, nyundo, anthu anayi, udzu umene kulibe, kachipinda ka jeneza, ndi dzanja langa. Woonawo ukufuna chala chanu chimodzi. Mulungu sanachititse manyazi munthu chifukwa chosowa. Amene anakupatsani zaka za malata ndi yemweyo wakupatsani zaka zino, ndipo sanakufunseni maganizo pa zonse ziwiri. Mayi aja akhala akubisa njala yawo kuti inu muyende mowongoka pamsewu. Lero ndi tsiku lanu lowerama kuti iwo adzuke. Ine ndilemba kuti nyumba ndi ya malata, makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo pansi pake ndilemba zimene zili pansi pake. Ndikapita nazo ndekha, ndikamuuza kalaliki kuti atsike panjinga alowe m'nyumba. Sindikulonjeza kuti akavomera, zimenezo n'za Mulungu. Koma malata asiyeni pamene ali. Chofunika kutsika pakhomo panu si denga, Che Bonomali. Ndinu."

Che Bonomali anayang'ana mpando wa ndalema uja. Kenaka anavula nsapato, navula jekete, nalipinda bwinobwino mizere ikuyang'anizana, nakhala pamphasa pafupi ndi Che Silaji. Malaya a m'kati anali ong'ambika paphewa, osokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Palibe anayang'anapo kawiri.

"Lembani," anatero. "Njinga ndinagulitsa."

Ananena zonse, chimodzichimodzi, mpaka nyali ya galasi. Pomaliza ananenanso za Idirisa. Atatha anadinda chala, Che Silaji nadinda, Sakina nadinda.

M'mawa mwake, itangotha swala ya m'bandakucha, Amwalimu ananyamuka wapansi ndi kope m'thumba. Anapeza asisitere aakulu atachoka, nabwerera. Lachitatu anapitanso. Lachinayi kalaliki anaimika njinga yake pamalata, nafuna kutembenuka pomwepo, koma Amwalimu anali ataima kale pakhomo atamutsegulira chitseko. Analowa. Anaona mphasa, mphika umodzi, ndi msomali pamene pankapachikidwa wailesi. Anatuluka, nasuzumira m'nkhokwe, nafunsa funso limodzi lokha, la Idirisa, ndipo Che Bonomali anayankha okha, ataimirira, anthu akumva. Loweruka Asiyatu ananyamulidwa pamachira, khadi lobiriwira litamangidwa pansonga ya chitenje.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo Asiyatu anakhala zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amene anatsogola ndi Che Bonomali, ndiye kusudzulidwa kumene ankakuopa kuja sikunawapeze. Anaikidwa m'mudzi momwemo, ndipo jeneza linatuluka m'kachipinda kaja kudzawanyamula. Ali moyo, kupositi sanasiye kupita. Mwezi ukatha jekete linkatulukabe, koma pobwera ankabwera manja ali m'thumba, ndipo wowafunsa ankamuyankha kuti, "Sanalembe." Anthu ankati, "Alemba, Inshaalla, Mulungu akalola." Anali masiku amenewo. Lero malata ali paliponse, ngakhale pakhola la nkhuku, ndipo mlendo ukamuuza kuti akhotere pamalata angazungulire mpaka Liwonde.

Tsono za pankhani imeneyi zimene zinabwezedwa ndi zimene zatsala ndi izi, kuti ana adziwe.

Amuna anayi onyamula machira anaphikiridwa tambala Asiyatu atachira. Imeneyo inatha. Che Silaji anapemphedwa kukhoma misomali isanu imene inali itazuka, anakana malipiro, anadya nawo tambalayo. Inathanso. Ufa wa Sakina unali malichero khumi ndi anayi. Wa pachibale sawerengera, ndiye anakhululuka, koma chiwerengero chake ndi chimenecho. Che Matola anabwera opaleshoni itatha ndi kamulu ka usipa, nauza anthu kuti zonse anakonza ndi iwo ali ku Liwonde. Analonjeza mbuzi ya sadaka yothokozera. Mbuziyo sinaoneke, ndipo ana awo akudziwa. Idirisa ali ndi ngongole ya kalata imodzi, ngati ali moyo.

Amwalimu Jafali anathera nkhwaira zawo pamsewu wa kuchipatala, ulendo kawiri kupita ndi kubwera, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Che Bonomali atafuna kuwagulira zina, anakana, nati kope silidya mphatso. Ndiye Che Bonomali, pamaso pa Che Silaji ndi Sakina, anati apereka malata awiri a pakhonde lawo kuti akatseke pamene pankadontha kumadarasa, pamwamba pa matabwa olembapo ana. Amwalimu anati, "Amenewo ndi a ana, sindingawakanire. Koma dikirani mvula ithe." Mvula itatha Che Bonomali anati adikire akolole. Atakolola kunabwera chifuwa. Chaka chinacho anati Che Silaji apeze misomali yatsopano. Amwalimu sanakumbutse ngakhale tsiku limodzi, ankangosuntha ana mvula ikayamba. Anamwalira chaka chachinayi, Che Silaji nawatsatira, ndipo mwa mboni za lonjezolo watsala mmodzi.

Madarasa alipobe, akuphunzitsa ndi mdzukulu wa Amwalimu. Nyumba ilipobe, mukugona ana a Sakina. Malata awiriwo ndi a kumapeto kwa khonde, mbali ya kum'mawa, ndipo mwa onse makumi awiri ndi asanu ndi atatu ndi okhawo amene sanabooke. Sanaperekedwe.